Mboni Yanga Ndi Asibweni

Lolemba

Sabata ino ndipeza ntchito! Ndalemba pamwamba penipeni pa tsambali kuti ndikayamba kufooka ndizidziwerengera.

Nkhani yabwera ndi Towera, mnzanga wa ku pulayimale amene amaperekera zakudya pa loji ina kuno ku Kande. Akuti ku Chintheche atsegula loji yatsopano ndipo akufuna mtsikana wa pa risepushoni. Wodziwa Chingerezi, wodziwa kompyuta, womwetulira. Akufunanso ndani ngati si ine? Satifiketi yanga ya zokopa alendo ya ku Mzuzu yakhalitsa m'sutukesi mpaka yayamba kununkha mankhwala a mphemvu.

Ndipo ntchitoyi ndiyenera kuipeza basi. Amama atopa kundiona ndikusenda chinangwa ndi manja a ku koleji. Agwirizana kale ndi msuweni wanga wa ku Joni kuti mwezi uno ukatha ndilibe chochita, ndikwere basi ndikalere ana a mabwana ake. Ine ku Joni sindikufunako ngakhale pang'ono. Ndikufuna desiki, foni ya pa desiki, ndi kabaji ka dzina langa pachifuwa.

Towera akuti masiku ano CV yokha siikwanira. Uyeneranso kukhala pa intaneti, pa tsamba lija limene anthu a ntchito amalumikizanapo. Mabwana amayamba akusuzumira kumeneko asanakuitane.

Zofunika:
CV yamphamvu
chithunzi cha munthu wooneka kuti ali kale pa ntchito
anthu ambiri olumikizana nawo
mboni zitatu zoti zikandiyamikire bwana akaimba foni
bandulo
kusiya kuopa

Netiweki ya intaneti pamudzi pano imagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Ndakwerapo kale lero kukayesa. Mbuzi zinalipo zitatu, ndazipitikitsa. Kuyambira mawa pamenepo ndiye pa ofesi panga.

Lachiwiri

CV ndi ufiti, ndavomera! Umalowa uli munthu wamba n'kutuluka uli bwana.

Takhala m'chipinda cha Towera ndi laputopu yobwereka kwa mkulu woyendetsa alendo pa boti. Tafika pamene amafuna ntchito zimene unagwirapo, ine ndati ndilibe. Towera wandifunsa kuti kodi chibwerere ku Mzuzu ndakhala ndikungogona? Ndamuuza zimene ndimachita, iye n'kumazitembenuza m'Chingerezi chonona:

kugulitsa usipa wa amama m'mbali mwa msewu tsopano ndi "kuyendetsa malonda ndi kusamalira makasitomala a mitundu yosiyanasiyana"
kuitana mayina a anthu ochedwa ku kwaya ndi "utsogoleri"
kuleretsa ana awiri amapasa pamene amakangana ndi "kuthetsa mikangano modekha"

Ndaziwerenga ndipo ndayamba kudzipatsa ulemu ndekha. Ndikanakhala bwana, mtsikana ameneyu ndikanamulemba lero lomwe.

Pa zokonda, Towera walemba kusambira. Ndati kusambira n'kokonda ngati? Kuno ngakhale agalu amasambira. Akuti azungu akaona mawu amenewo amasangalala, ndisiye choncho.

Vuto labwera pa mboni. Malangizo a pa intaneti akuti asakhale abale ako. Amene analemba zimenezo sanafikeko ku Kande. Kuno ukaponya mwala umagenda mbale wako, ndipo wokudzudzula kuti waponyeranji mwala ndi mbale wakonso.

Woyamba ndalemba mphunzitsi wanga wa ku koleji. Wachiwiri abusa athu. Wachitatu tinakanda mitu mpaka nzeru inandifikira ngati mphezi: asibweni! Amalume anga enieni, alongo awo a amama, a Longwe. Anali ahedi a sukulu mpaka anapuma, ndi mkulu wa mpingo, ndipo Chingerezi chawo chimachita kuvala taye. Koposa zonse, dzina lawo ndi langa n'zosiyana. Ndani angadziwe? Ndalemba kuti "mphunzitsi wamkulu wopuma." Si bodza. Ndangosiya kutchula kuti chimwalirire ada, bambo anga, asibweni ndiwo bambo wa nyumba yathu.

Sindinawapemphebe. Asibweni sumangowalowera ngati m'golosale. Ndiona mmene ndichitire.

Ndakwera minibasi kukapulinta ku Chintheche, magetsi azima pepala lili pakati pa makina. Ndadikira, abwera, latuluka lotentha ngati mkate. Ndakalisiya pa geti la lojiyo m'manja mwa mlonda. Pobwerera ndinakhala moongoka m'minibasi, ngakhale ndinapanikizana ndi beseni la nsomba za batala.

Lachitatu

Chithunzi! Jekete ya buluu ya Towera, ndolo za amama, milomo yopaka pang'ono, kumbuyo khoma loyera la tchalitchi. Tajambula mpaka masaya kuwawa. Chimene tasankha, ndikunena zoona, ngakhale ine ndinadzipatsa moni.

Ndakwera pa chulu, ndatsegula tsamba langa. Pansi pa dzina ndalemba kuti ndine katswiri wa zolandira alendo ndipo ndine wokonzeka kuyamba. Anthu olumikizana nawo: mmodzi, Towera. Zochititsa manyazi. Iye akuti munthu wopanda anzake pamenepo amaoneka ngati sitolo yopanda katundu.

Ndiye ndachita chanzeru. Ndatumiza uthenga pa gulu la pa foni la banja lathu, kuti aliyense alowe pa tsambalo andilumikize.

Mayi wanga ine! Ndinaiwala kuti banja lathu lili ku Joni, ku Kitwe, ku Bulawayo, ku Mzuzu, ndipo onse ali ndi bandulo ndi nthawi. Pofika masana anthu anali mbwee. Ndinavina pa chulu pomwepo.

Kenako ayamba kulemba pansi pa chithunzi:

"Timuoneni mwana wa ada! Wakulatu."
"Jekete imeneyo si ya Towera?"
"Amaphika kondowole wopanda mibulu, ine ndi mboni."
"Wokonzeka kuyamba chiyani? Tiuzeni msanga tisoke mayunifomu."

Azakhali a ku Kitwe, poona kuti abale onse asonkhana pamodzi, alengezerapo tsiku loika mwala pa manda a agogo. Ndafufuta. Alembanso, ndi funso lakuti ndani wopanda ulemu akufufuta nkhani za manda. Ndasiya.

Koma tamverani izi, tamverani! Dzuwa likupendeka, foni yanjenjemera. A manijala a loji ija andilumikiza OKHA. Alemba kuti CV yanga aiona, tsamba langa aliona, ndipo ndibwere mawa m'mawa ku intaviyu. Awonjezera kuti zikuoneka kuti ndine munthu wokondedwa ndi anthu ambiri.

Ndatsika pa chulu osaponda pansi. Ndapeza amama akuvuula chinangwa, ndawauza kuti bwana wa loji waona chithunzi changa ndipo wandiitana. Afunsa ngati bwanayo amapemphera. Amama ndi mafunso awo!

Ndasita siketi. Ndayeseza kumwetulira pa galasi mpaka mphaka watuluka m'nyumba.

Lachinayi

NDAPHA! Intaviyu ndaidya ngati chigumu.

A manijala ndi bambo wa ku Dedza, wamimba pang'ono, mphete ya ukwati pachala, chithunzi cha ana ake pa tebulo. Munthu woseka. Anadziyesa mlendo wokwiya amene wapeza chule m'bafa, ine ndinamupepesa m'Chingerezi mpaka iye mwini anati akanakhala mlendo weniweni akanapempha chule wachiwiri. Za kusambira anafunsadi. Towera ndi mneneri.

Ndaiona desikiyo. Ya matabwa onyezimira, kabelu pamwamba, fani yoyang'ana pa mpando. Ndinaigwira mobisa podutsa.

Akuti tatsala awiri, ine ndi mtsikana wina wa ku Mpamba, koma ine ndili patsogolo. Chatsala n'chimodzi: mawa masana aimbira mboni zanga. Mwini lojiyo ananamizidwapo ndi anthu a mboni zopeka, ndiye nkhani imeneyi saseka nayo. Mboni zikangoyankha bwino, Lolemba ndiyamba.

Lolemba! Joni, tsala bwino ndi ana ako!

Pobwerera ndayamba kuchenjeza mboni. Mphunzitsi wa ku koleji, nambala yake akuti siikupezeka, ndipo mnzanga wina wandiuza kuti anapita kunja kukaphunzira. Abusa akwera boti dzulo kupita ku Usisya ku msonkhano wa mpingo, kumene foni imangokhala tochi. Abwera sabata yamawa.

Atsala asibweni okha. Palibe vuto. Munthu mmodzi wolankhula ngati iwo aposa khumi.

Kungoti nkhani iyenera kuyenda m'njira yake. Mwana wamkazi sapita kukakhala pamaso pa asibweni n'kuyamba kuwapatsa malangizo. Ine ndiuza amama, amama auza akazi awo anyaManda, anyaManda akawauza akatha kudya. Ndi mmene zimayendera chibadwire ine.

Ndawakhazika amama pansi ndi kuwafotokozera bwinobwino:
bwana aimba mawa masana
afunsa za khalidwe langa ndi kagwiridwe kanga ka ntchito
asibweni ayankhe ngati ahedi
asatchule kuti ndine mphwawo

Pa mfundo yomalizayo amama anakwinya nkhope. Akuti iwo akauze mkulu wa mpingo kuti abise m'bale wake? Ndati si kubisa, n'kusatchula chabe. Anangoti "hmm," n'kumanga chitenje, ulendo.

Patapita kanthawi ndamva nthungululu kuchokera kwa asibweni. AnyaManda amenewo! Anthu akundikondwerera kale. Ndagwetsa misozi pang'ono, chifukwa sindinkadziwa kuti ntchito yangayi akuifuna chonchi.

Lachisanu

M'mawa. Asibweni aitenga nkhaniyi mwamphamvu kuposa mmene ndinkayembekezera! Bwalo lasesedwa. Mipando yatulutsidwa pansi pa mtengo wa mango. Iwo avala suti yakuda ya pa Mgonero ndi taye, foni aitchaja ku sola ya oyandikana nawo, aiika pa katebulo pamwamba pa nsalu yoluka. Aitananso madoda awiri a kwathu kuti akhale nawo.

Mboni ya ndani inavalapo suti poyankha foni? Wa ku Mpamba, pepa mwana wa amayi.

AnyaManda andiitana kukhitchini, andipatsa tiyi wa mkaka, akundiyang'ana n'kumamwetulira. Akuti ndisaoneke pabwalo, si mwambo. Chabwino. Ndakhala kuseri kwa mpanda, pali kabowo.

Madzulo. Ndilemba basi.

Foni inalira. Asibweni anaisiya ilire kaye, kuti woimbayo asaganize kuti amamudikira. Kenako anaika pokweza mawu, poti makutu awo anayamba kulemera. A manijala anapereka moni mwaulemu, anadzitchula, natchula dzina langa, n'kufunsa ngati akundidziwa.

Asibweni anayang'ana madoda aja. Madoda anagwedeza mitu.

"Pakhomo pano ana aakazi ndi ambiri," anatero asibweni. "Amene mukunenayo sitikumudziwa."

Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndinawamva pamene ankafunsira mkulu wanga, ndinawamvanso kwa msuweni wanga. Kwathu kuno munthu akabwera koyamba kudzafunsira mkazi, amamubweza. Amamuuza kuti mwanayo sakumudziwa, kuti aone ngati ali ndi mtima wobweranso. Apo m'pamene ndinamvetsa suti, madoda, nthungululu ndi tiyi wa mkaka. Uthenga wanga unachoka kwa ine uli wa ntchito, unafika kwa asibweni uli wakuti bambo wina wa udindo waona chithunzi cha mwana, wacheza naye, wakondwa, ndipo aimba kudzafunsa za khalidwe lake. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

A manijala anabwereza dzina langa pang'onopang'ono. Anati mtsikanayu anakulembani inuyo kuti mumamudziwa bwino. Asibweni anati ana a masiku ano amalemba zambiri.

Anafunsa ngati ndili wolimbikira ntchito. Asibweni anafunsa ngati akufuna munthu kapena khasu.

Anafunsa, mawu atayamba kuuma, ngati pali chimene chingandiletse kuyamba Lolemba.

"Lolemba?" Asibweni anavula magalasi. "Ada, inu ndinu mwana wa yani? Kwanu kulibe akuluakulu? Nkhani ngati izi sitikamba pa foni. Tumani thenga, nkhoswe yanu, abwere adzakhale pansi ngati munthu."

N'kudula foni. Iwo, kudulira bwana wanga foni!

Madoda anawagwira chanza. Mmodzi anati umu ndi mmene ankayankhira makolo.

Ndinkafuna kulumpha mpanda ndikukuwa. Koma ulumphe ugwere pakati pa akuluakulu atatu, uwauze kuti alakwitsa, pamaso pa akazi awo? Sizitheka. Ndinakhala pomwepo ndi kapu m'manja, anyaManda akundisisita pamsana kuti ndisaope, amayamba choncho.

Ndathamangira pa chulu, ndaimbira a manijala. Sakuyankha. Ndalemba uthenga. Awerenga, sanayankhe.

Sizinathe. Mawa ndikonza. Munthu woseka ngati uja amvetsa.

Loweruka

Ndalawirira ku Chintheche. Mlonda wandilowetsa chifukwa cha jekete.

A manijala anandilandira ataima. Anati mboni imodzi siipezeka, ina siipezeka, yachitatu ikuti siikundidziwa ndipo yawafunsa kuti ndi mwana wa yani. Tsono ine ndiwauze chiyani?

Ndinafotokoza zonse. Za thenga, za kubweza munthu koyamba, za suti. Anayamba ndi kumwetulira, kenako anakhala pansi, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. Akuti kwawo ku Dedza zimayenda mwina, ndipo akazi awo akamva kuti dzulo amafunsira mkazi ku Kande, agona panja. Ine ndinasekanso, mtima ukuti bwerera m'malo, zatheka.

Atapukuta misozi anafunsa funso limodzi lokha. Ngati mkuluyo ndi mphunzitsi wanga chabe, nkhani ya ukwati wanga ikumukhudza bwanji?

Ndinayang'ana fani.

Ndinanena kuti ndi amalume anga. Anagwedeza mutu mwachisoni. Anati dzulo lomwelo anapereka lipoti kwa mwini loji, ndipo wa ku Mpamba amuimbira kale. Mboni zake zitatu zinayankha, imodzi mpaka inalira pomuyamikira. Akanati akandipepesere, akanayamba ndi kunena kuti mboniyo ndi m'bale, ndiye kuthira mafuta pamoto. Anandiperekeza mpaka pa geti, nati tsamba langa ndisalitseke, n'labwino, kungoti ndichotsepo za manda.

M'minibasi ndinakhala ngati thumba.

Kunyumba ndawafunsa amama kuti anakanena chiyani kwenikweni. Akuti ananena zonse kupatula zobisa ubale zija, poti zinawalemera pakamwa. Za ntchito akuti mwina anatchula, mwina anyaManda anali atayamba kale nthungululu. Ndipo iwonso, kunena zoona, anaganiza kuti bwana woitana mtsikana chifukwa cha chithunzi ali ndi mawu ena kuseri.

Ndati ndiye tiyeni tikawauze asibweni. Amama agwira pakamwa. Akuti alongo awo auza kale akulu a mpingo onse kuti abweza munthu wa loji. Ndani akawavule suti pamaso pa mudzi? Nkhani ngati iyi imasiyidwa ife yokha. Thenga sabwera, miyezi ipita, anthu adzati mwamunayo anali wopanda pake.

Pa tsamba langa abale alemba kale mafuno abwino. Wa ku Bulawayo akufunsa mtundu wa nsalu.

Lamulungu

Ku tchalitchi amayi a chigwirizano akundipatsa moni ndi manja awiri. Wina wandinong'oneza kuti ndisanenepe msanga, diresi lingadzakane. Ndaimba nawo kwaya, mawu akutuluka okha.

Titaweruka, anyaManda abwera kudzanditenga. Asibweni akundifuna. Ine, kuitanidwa ndi asibweni mwini, popanda kudzera kwa munthu! Chibadwire sizinachitike.

Ndawapeza pakhonde, akadali m'suti. Ndagwada chapatali. M'njira monse ndinali nditakonza mawu, aulemu koma omveka, oti adziwe chimene andiwonongera.

Ayamba ndi za ku Joni. Akuti amva kuti amama amafuna kunditumiza, ndipo aletsa. Mwana amene anthu ayamba kumufunsa sakwera basi. Ndiye ntchito palibe, Joni palibe, ndipo mwamuna amene ndikumudikira ali ndi mkazi ndi ana ku Dedza.

Ndinatsegula pakamwa. Iwo anali asanamalize.

Anati akudziwa kuti ndakhumudwa, nkhope yanga ikuonetsa. Anati munthu uja anamveka waulemu, ndipo mafunso ake onse mayankho anali nawo. Akanafuna akanamuuza kuti pa ana onse amene anawaphunzitsa, wa mutu ngati wanga sanamuone. Kuti ada akudwala ndine ndinkagona pansi m'chipatala osadandaula. Kuti ndikagwira chinthu sindisiya. Akuti mawuwo anafika pakhosi, anachita kuwameza.

Asibweni sanandiyamikirepo chibadwire. Ndinkangoyang'ana simenti.

"Koma ndikanakupereka pa foni ngati usipa," anatero, "bambo ako ndikanakawauza chiyani? Iwe si wotchipa, mwana wanga. Ngati ndi munthu, abweranso."

Mawu anga onse aja anasungunuka. Ndinaomba m'manja, ndinati yewo asibweni. Anandipatsa nthochi ziwiri za pa mbale yawo, ndinadzuka.

Madzulo ano ndatsegula CV pa foni ya Towera kuti ndikonze polembapo mboni, poti akuti ku Nkhata Bay kuli malo ena akufuna munthu. Dzina la asibweni ndalifufuta. Linatenga kanthawi, chala chimangoima pa chilembo chilichonse ngati ndikuwabera.